Azakhali, mafuta anga auma: kodi si apongozi?

Okondedwa Azakhali,

Ndikulemba mtima uli m'mwamba. Mu Marichi anzanga a kuntchito anandikopa kuti ndigule mafuta a kokonati. Akuti amatsitsa BP, amasungunula mimba, amasalalitsa nkhope, ndiponso tsitsi limakula ngati la amwenye. Nditalandira chipereganyu ndinagula chibotolo chachikulu n'kumachisunga pawindo la kukhitchini. Mafutawo anali amadzimadzi, oonekera bwinobwino. Sabata yatha apongozi anga anabwera kudzacheza, ndipo pokonza m'nyumba anachotsa botolo lija n'kukaliika m'kabati. Kutacha ndinapeza mafuta onse auma gwa, ayera mbee ngati kandulo. Nditawafunsa kuti athiramo chiyani, analongedza katundu n'kunyamuka osadya nsima. Panopa nkhope yanga ndi ziphuphu zokhazokha, bambo a kunyumba akuti usipa ukumveka bisiketi, komanso akuti popeza ndimawamwetsa supuni ya mafutawa m'mawa uliwonse, mapiritsi a BP asiya. Kodi ndalodzedwa, kapena anandigulitsa achinyengo?

Wothedwa nzeru, Bangwe

Mwana wanga wa ku Bangwe,

Kalata yako ndaiwerenga kawiri. Ulendo woyamba ndinaseka mpaka magalasi kutsala pang'ono kugwera mu tiyi. Ulendo wachiwiri phwete linatha nditafika pa mapiritsi a akamwini anga. Za mapiritsizo ndikusungira, usayese ndaiwala. Tiyambe ndi mlandu wa ufiti, poti pali mayi wamkulu amene wakwera minibasi ndi njala, misozi ili lengelenge.

Mfiti yako ndikuidziwa. Imabwera chaka ndi chaka nyengo ngati ino, itafunda nkhungu, ikuwaza kamvula kosanyowetsa nthaka koma kolowa m'mafupa. Dzina lake ndi Chiperoni. Mafuta a kokonati amasungunuka kutentha kukafika pa madigiri 24, ndipo kukazizira kutsika pamenepo amaundana n'kuyera ngati phula. Ndi chibadwa chawo basi. Mnzako wa ku Nsanje mu Okutobala amawatsanula ngati madzi, pamene wa ku Dedza mu Julayi amachita kukumba ndi supuni. Iwe unkawaothetsa dzuwa pawindo. Apongozi ako anangochita zimene amachita mayi aliyense woleredwa bwino akapeza zinthu zili mbwee, n'kuwalowetsa m'kabati mozizira. Tenga botololo uliviike m'beseni la madzi ofunda. Usanamalize kutsuka mbale, ufiti wonse ukhala utasungunuka. Paja amati safunsa anadya phula. Iwe kufunsa unafunsa, koma unafunsa ngati wapolisi.

Choseketsa n'chakuti mphepo imeneyi inatenga dzina ku phiri la Chiperone, tsidya la malire ku Zambézia. Kumunsi kwa chigawo chomwecho, cha ku Quelimane, ndi kumene kunali minda ya kokonati yotchuka kuti ndi ina mwa ikuluikulu padziko lonse, matenda ochititsa masamba chikasu asanaphe mitengo yambirimbiri. Ndiye kokonati ndi Chiperoni ndi anthu a kumudzi kumodzi. Akumana m'kabati mwako n'kupatsana moni, iwe n'kumati ufiti.

Kuuma kumeneko ukanavina nako, chifukwa ndi umboni wina woti sanakubere. Tsiku lina ukagula, tsanulirako pang'ono m'tambula uike mufiriji kwa ola limodzi. Enieni amauma onse, oyera kuyambira pamwamba mpaka pansi. Ukaona ena atsala akusambira pamwamba, dziwa kuti wina anasakanizamo otchipa. Si mayeso a ku Malawi Bureau of Standards ayi, pali mafuta ena amene nawonso amauma chimodzimodzi, koma wakuba waulesi umamugwira pomwepo.

Tsopano tembenuza botolo tiwerenge zolembedwazo. Mawu amene amakweza mtengo ndi akuti virgin. Eya, namwali. Tanthauzo lake n'loti mafutawo afinyidwa kuchokera ku mnofu woyera wa kokonati wamuwisi osawayenga, n'chifukwa chake amanunkhira kwawo. Mabotolo ena amachita kulemba extra virgin. Ine ndalangiza anamwali ambiri pamoyo wanga, koma namwali wowonjezera sindinakumanepo naye. Ku mafuta a olive mawu amenewo ali ndi malamulo ake. Ku kokonati ndi mkanda wongokometsera khosi, zam'katimo n'zimodzimodzi. Olembedwa refined amachokera ku kokonati woumitsa amene amamutcha kopra. Amawayenga, kuwasefa ndi kuwachotsa fungo, ndipo mtengo wake umatsikirako. Olembedwa fractionated sauma ngakhale mu Julayi chifukwa anawachotsa mbali ina, ndipo ambiri mwa amenewo ndi odzola. Chenjeranso ndi timabotolo ta pashelefu ya zodzoladzola tojambulidwa kokonati wosweka pakati. Werenga kumbuyo kwake: tina ndi mineral oil wothira fungo, kokonati anangodutsamo ngati mlendo wopempha madzi akumwa. Timeneto sitilowa mumphika. Ndipo ulendo wina usankhe botolo la kukamwa kwakukulu loti supuni ilowe, kuti mu Juni usamachite kuligogoda pansi ngati uli ndi ngongole nalo.

Kudula kwake usadabwe nako. Mafuta ambiri a kokonati padziko lapansi amachokera ku Philippines ndi ku Indonesia. Kuti otere afike pa Limbe amakwera sitima, amakwera thiraki, n'kulipiridwa ndi madola omwe mabanki athu amachita kuwasaka ndi nyali. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kenako mu 2025 mtengo wa mafutawa pamsika wa dziko lonse unakwera kwambiri. Wanzeru amagula kabotolo kakang'ono kaye, aone ngati thupi ndi lilime zivomera. Iwe unayambira pa chibotolo.

Ine mafuta amenewa sindinawadziwire pa WhatsApp ayi. Zaka zimene ndinkayenda geni ya zitenje ku Dar es Salaam ndinkafikira kwa mayi wina chakufupi ndi msika wa Kariakoo. Tsiku lina madzulo anandituma kuti ndikatenge mbuzi kuseri. Chiswahili changa chinali cha pamsika, chowerengera ndalama basi, koma nditamva mbuzi ndinati awa ndiye mawu athu omwe. Ndinazungulira nyumba kawiri, kusuzumira kubafa, mpaka kufunsa ana a oyandikana nawo ngati aona chiweto chitadula chingwe. Pobwerera ndinapeza mayi uja atagwira nthiti, mbuzi yake ili poteropo: kampando kakafupi kathabwa, kutsogolo kwake kuli kachitsulo ka mano ngati sowo. Umakhalira kampandoko, n'kutenga chibanthu cha kokonati, n'kumapala mnofu pa manowo, kwee kwee, zoyera zikugwera m'mbale.

Zopalazo anathira madzi ofunda n'kufinya ndi manja, kutuluka mkaka wokhuthala umene eni ake amati tui. Wina unalowa mumpunga usiku womwewo. Wotsalawo anauvundikira mpaka m'mawa. Zonona zitayandama pamwamba, anaziyengula n'kuziika pambaula ya makala ochepa. Mphika unathetheka nthawi yaitali madzi akuthawa, kenako unakhala chete. Timibulu tofiirira tinatsikira pansi, pamwamba pali mafuta oyera ngati misozi. Kokonati atatu, thukuta la maola awiri, mafuta osadzaza kapu ya tiyi. Ukudziwa kumene anapita? Kumutu ndi kumiyendo kwa ana ake aakazi. Chophikira chinali tui uja.

Ndinakumbuka agogo anga ndi nsatsi zawo: kukazinga, kusinja mumtondo, kuwiritsa, kuyengula. Mudzi wonse unkang'anima ndi mafuta a nsatsi. Kungoti nsatsi sizinapeze wozilembera Chizungu pabotolo.

Tibwere ku usipa wa bisiketi. Amuna ako sakunama. Namwali uja ali ndi fungo lake, ndipo sagwirizana ndi aliyense. Mumpunga wa Kilombero kasupuni kamodzi kamakometsa mpaka oyandikana nawo kubwera kudzabwereka machesi. Mu nyemba, mu chigumu, mu keke, palibe mlandu. Koma usipa, bonya, chisoso ndi nkhwani zinazolowera tomato, anyezi ndi nsinjiro. Ukazithira kokonati zimakhala ngati agogo avala wigi. Chinanso, a virgin amayamba kufuka utsi pa madigiri pafupifupi 177, ndiye pachiwaya cha tchipisi sachedwa kupserera n'kuyamba kuwawa. A refined amapirira moto wopitirira madigiri 200 ndipo alibe fungo. Koma nanga utadzaza chiwaya ndi mafuta a mtengo umenewo, mandasi akewo ugulitsa zingati limodzi?

Usanyozenso mafuta athu wamba a mpendadzuwa, soya ndi mtedza. Opangidwa m'mafakitale a kuno, lamulo limati azithiridwa vitamini A, amene amathandiza maso ndi chitetezo cha m'thupi cha ana. Chibotolo chako cha kutsidya kwa nyanja kawirikawiri chimakhala chilibe.

Tsopano khala pansi, kuseka kwatha. Chimene chimaumitsa mafuta ako mu Juni ndi mtundu wa mafuta oundana amene achipatala amati saturated. Pa magalamu 100 a mafuta a kokonati, oposa 80 ndi amenewa. Batala ali ndi pafupifupi 50, mafuta a mtedza 17, a soya 16, a mpendadzuwa 10 basi. Sindikunena kuti amakauma m'mitsempha ngati m'kabati muja ayi, thupi ndi lotentha madigiri 37. Chimene amachita ndi kukweza kolesterolo wotchedwa LDL, amene pang'onopang'ono amamata m'njira za magazi ngati dzimbiri m'paipi. Mu 2017 bungwe loona za matenda a mtima ku America, American Heart Association, linalangiza anthu kuti apewe mafuta a kokonati pa chifukwa chimenechi. Mu 2020 magazini ya madokotala ya Circulation inasonkhanitsa zotsatira za makafukufuku 16, ndipo zinaonetsa zomwezo: poyerekeza ndi mafuta ngati a soya ndi a olive, a kokonati amakweza LDL. Amakwezakonso HDL, amene amati ndi wabwino uja, ndipo amalonda amakonda kuimba ndime imeneyo yokha, koma palibe umboni woti imafafaniza mlandu winawo.

Pulofesa wina wa ku Harvard, Karin Michels, mu 2018 anafika pouza anthu ku Freiburg, ku Germany, kuti mafutawa ndi poizoni weniweni, akuluakulu a zaulimi ku India n'kupsa mtima mpaka kulemba kalata yodandaula. Mayi ameneyo naye anachulutsa mchere. Anthu a ku Kerala akhala akukazingira mafutawa kuyambira makolo awo, ndipo sanathe psiti. Anzako a kuntchito akuuzanso za anthu a pachilumba cha Kitava ku Papua New Guinea, amene ankadya kokonati tsiku ndi tsiku koma ofufuza anapeza kuti matenda a mtima anali osowa pakati pawo. N'zoona ndithu. Koma iwo ankadya kokonati wathunthu pamodzi ndi nsomba, zilazi, mbatata ndi zipatso, za m'sitolo osazidziwa. Akamwini angawo, ngakhale sindinawaone, ndikuwadziwa: Lachisanu kanyenya wa mbuzi yeniyeni, mchere wapambali, minibasi kuwatenga pakhomo n'kukawatula pakhomo la ofesi.

Supuni yaikulu imene ukuwamwetsayo ili ndi makalori pafupifupi 120, ngati mafuta ena aliwonse, ndi magalamu oposa 11 a oundana aja. Bungwe la ku America lija limati munthu wodya mwachikatikati asamapyole magalamu 13 patsiku. Ndiye bambowo asanamange n'komwe tayi, gawo lawo la tsiku lonse latsala pang'ono kutha. Mimba imeneyo isungunuka bwanji ukuithira mafuta? Nkhani yoonda ija inachokera ku kafukufuku wa mafuta ena okonzedwa mwapadera otchedwa MCT, amene mu kokonati alimo ochepa. Amalonda anangobwereka satifiketi ya mwana wa eni.

BP siimba ng'oma, mwana wanga. Munthu amadzimva bwinobwino mpaka tsiku lodzuka mkono uli lende, pakamwa patapotoka. Mapiritsi aja abwerere, ndipo mawa lomweli mupite limodzi kuchipatala akawayeze. Mukanene poyera kuti anasiya masiku angati, osabisa. Ngati ukufuna kuwachitira chifundo cha m'khitchini, chepetsa mchere. A World Health Organization amati munthu asapyole magalamu 5 patsiku, kutanthauza kasupuni ka tiyi kamodzi kosadzaza, kuwerengera ndi wa mu ndiwo womwe. Kambale ka mchere ka patebulo kaja ukabise kumene apongozi ako anabisa botolo.

Kumene mafuta ako ali mfumu ndi pakhungu, kuyambira m'mapewa kutsika. Nyengo ino miyendo imatuwa mbuu, munthu n'kulembapo dzina ndi chikhadabo. Ukangotuluka kubafa, thupi lisanaumiretu, tapa pang'ono ngati njere ya nzama, asungunukire m'manja, upake m'miyendo, m'zigongono ndi ku zidendene zong'aluka. Amatsekera chinyezi m'khungu. Madokotala a khungu ku Philippines anawayesa mu 2004 pa anthu a khungu louma n'kupeza kuti amagwira ntchito mofanana ndi mineral oil, ndipo mu 2014 anapezanso kuti amathandiza ana ovutika ndi kuyabwa kwa eczema. Woyamba kumene ayese kaye pamkono pang'ono, aone ngati sipatuluka nsungu.

Koma ukadzola kuphazi vala masokosi. Ine tsiku lina ndinapaka mapazi bwinobwino, n'kuponda simenti yopolisha nditanyamula thireyi ya tiyi wa alendo a kumpingo. Ndinagwa chagada, makapu uko, chitenje uko. Zimene anaona akulu a mpingo tsiku limenelo sanazilalikirepo mpaka lero.

Kunkhope ndiye ayi, makamaka ngati nkhope yako ndi yamafuta kale. Mafutawa ndi olemera, amatseka timabowo ta khungu, ziphuphu n'kumera ngati bowa wa mu Januwale. Leka kupaka kumaso, uzisamba ndi sopo wosaluma, ziphuphuzo usazifinye, upatse khungu milungu ingapo, zikakanika, kuchipatala. Ndipo ngati pansi pamtima unkayembekeza kuti uyererako, pepa, kokonati sayeretsa munthu. Ukapeza wina akugulitsa mafuta a kokonati oyeretsa khungu, ndiye kuti akunama kapena wathiramo zina zimene sakukuuza.

Tsitsi amalithandiza ndithu. Kafukufuku wa ku India wa mu 2003 anaonetsa kuti mafutawa amalowa m'kati mwa tsitsi n'kuliteteza kuti lisamafooke posamba. Paka kutatsala ola limodzi kuti usambe m'mutu, kudukaduka kuchepa. Koma kutalika kwa tsitsi la amwenye n'kwa kumtundu, sikuli m'botolo. Ngati uli ndi mfundu pita nawo mosamala, chifukwa tizilombo toyambitsa mfundu timadya mafuta, ungamaphikire mdani. Chipere cha mwana chimafuna mankhwala a kuchipatala.

Pali pena pomwe ndimakalipa ndikamva kokonati akutchulidwa. Padzuwa sateteza khungu, ndipo abale athu achialubino asanamizidwe kuti angalowe m'malo mwa mafuta awo oteteza ku dzuwa aja. Khansa ya pakhungu siseka ndi munthu. Mwananso akapsa ndi phala, thira madzi ozizira kwa mphindi 20, kenako kuchipatala. Mafuta aliwonse pabala la moto latsopano amangotsekera kutentha m'kati.

Sendera kuno, ana asamve. Ndikudziwa kuti m'magulu anu aja mumauzana kuti botolo limeneli limagwiranso ntchito usiku nyali itazima. Usandiyang'ane choncho, ine ndinabadwa kale. Mafuta ndi kondomu ya mphira samwerana madzi. Kaya ndi a kokonati, kaya Vaseline, kaya ophikira, amafooketsa mphirayo m'mphindi zochepa, n'kung'ambika pa nthawi imene ukuidalira. Ngati m'nyumba mwanu mukulera ndi makondomu kapena mukudziteteza ku matenda, gulani ku famase zofewetsa zopangidwa ndi madzi. Apo ayi, Marichi wa chaka chamawa udzandilembera kalata yopempha dzina la mwana.

Otsalawo uwagawe pawiri, ena kukhitchini, ena kuchipinda, kuti chala chochokera ku chidendene chisakalowe m'mafuta a mumpunga. Uzitapa ndi supuni youma n'kutseka bwino. Akayamba kununkha mowawasa kapena kuoneka timadontho takuda, taya. Ndipo mdani wamkulu wa mafuta aliwonse ndi dzuwa ndi kutentha, zimene zimawavunditsa msanga. Malo oipa kwambiri m'nyumba mwako monse anali pawindo paja, ndipo malo oyenera anali m'kabati muja. Apongozi ako anakupulumutsira ndalama ya chipereganyu, iwe n'kuwalipira ndi dzina la ufiti.

Loweruka lino ukwere minibasi. Utenge shuga, utenge chitenje, utengenso kabotolo ka mafuta omwewo. Ukafika ugwade upepese, kenako uwatenthetsere madzi, uwasambitse mapazi n'kuwapaka ku zidendene ndi manja ako. Masokosi usaiwale.

Ndine,
Azakhali ako